Thumba la Feteleza ndi Mbuzi Ziŵiri: Chithandizo cha Boma kwa Alimi a M'chigwa cha Shire

Amene adatsikapo zitunda za ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala adziŵa kuti kutentha kwa kuchigwa kumamchingamira munthu asanafike ndi pa Thabwa pomwe. Ukaima pamwamba ndi kuponya maso kumunsi, umaona mtsinje wa Shire ukunyezimira padzuŵa, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili biriŵiri, koma kwina konseko nthaka ili gwa, yong'aluka, ikudikira mvula. Nyengo imeneyi ndi ija alimi a m'Malaŵi monse amakhala atatchera khutu ku wailesi kuti amve zimene boma lakonza pa za zipangizo zaulimi zotsika mtengo: thumba la feteleza likhala ndalama zingati, apindula ndi mabanja angati, ndipo misika itsegulidwa liti.

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa nakonso anthu amamvetsera. Koma iwo amakhala ndi funso lina limene anzawo a ku Thyolo kapena ku Dedza sakhala nalo, lakuti: kodi malaya ameneŵa adasokera ife, kapena tikungovala a eni ake? Mwezi uno tati tikambirane nkhaniyi ndi inu makolo ndi achinyamata, pakuti ikhudza nsima ya pamphasa pathu, msonkho umene tonse timapereka, ndiponso chilungamo cha m'midzi mwathu.

Ndalama zimene mlimi sazigwira m'manja

Poyamba timvetsetse mmene chinthuchi chimayendera. M'maiko olemera a ku Ulaya ndi ku America, boma limapereka ndalama zenizeni kwa mlimi, zoloŵa m'buku lake la kubanki, kaŵirikaŵiri molingana ndi kukula kwa munda wake kapena kugwa kwa mitengo ya mbeu. Kwathu kuno njira yake ndi ina. Mlimi wosankhidwa amapita kumsika ndi ndalama zochepa, naloledwa kugula matumba a feteleza a makilogalamu 50, lina lokulitsa lina lobereketsa, pamodzi ndi paketi ya mbeu. Ndalama zotsalazo boma limalipira kwa wogulitsa. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2020 mlimi ankapereka K4,495 pa thumba limene m'sitolo linkagulidwa pafupifupi K20,000. Gawo lolipira bomalo ndilo anthu adazoloŵera kulitcha sabuside.

Nanga boma limazitenga kuti ndalamazo? Limazitenga kwa ife tomwe. Mayi wogula sopo pa Miseu Folo, mnyamata wogula mayunitsi a foni pa Bangula, mphunzitsi amene malipiro ake amadulidwa mwezi ndi mwezi, onseŵa amaponyapo kanthu. Zina zimachokera ku ngongole zimene ana athu adzabweze, zina kwa maiko otithandiza. Choncho thumba lija si mphatso ya phungu, kapena ya mfumu, kapena ya chipani chilichonse. Ndi chuma cha mtundu wonse, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa mmene chayendera.

Kumene tachokera

Chithandizo chotere sichidayambe dzulo. M'masiku a Dr. H. Kamuzu Banda, bungwe la ADMARC, limene lidakhazikitsidwa mu 1971, linkagulitsa feteleza pamtengo wotsikirapo ndi kugula mbeu za alimi. Alimi ankaloŵa m'makalabu ndi kutenga zipangizo pangongole, kudzabweza akakolola. Kuchigwa boma lidaika mtima pa thonje. Mu 1968 lidayambitsa ntchito yotukula ulimi wa thonje m'boma la Chikwawa ndi ngongole yochokera ku World Bank, ndipo ntchitoyi idakula nifalikira chigwa chonse, likulu lake lili pa Ngabu. Akuluakulu akukumbukabe mapampu a pamsana opopera mankhwala, ndi alangizi oyenda panjinga mudzi ndi mudzi.

M'zaka za m'ma 1980 mabungwe a kunja obwereketsa ndalama adayamba kuumiriza boma kuti lileke kutsitsa mtengo wa feteleza. Chilala chachikulu cha 1992 chidagwedeza makalabu a ngongole, popeza alimi adalephera kubweza, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 chithandizocho chinali chitachotsedwa. Mu 1998 boma la Dr. Bakili Muluzi lidayamba kugaŵa timatumba taulere totchedwa Starter Pack, mmene munali makilogalamu 15 a feteleza, 2 a mbeu ya chimanga ndi mbeu pang'ono ya mtundu wa nyemba, zokwanira kamunda kakang'ono. Poyamba pafupifupi banja lililonse la kumudzi linkalandira. Kenaka chiŵerengero chidachepetsedwa. Mu 2002 dziko lidaona njala yoopsa.

Mvula italephera kachiŵiri mu 2005, dziko lidakolola chimanga chongokwana matani pafupifupi 1.2 miliyoni. Pamenepo boma la Dr. Bingu wa Mutharika lidayambitsa ndondomeko ya makuponi, imene idadziŵika ndi dzina lakuti FISP. Mlimi wa kuponi ankagula thumba pa K950, ndipo kuyambira mu 2009 pa K500 yokha. Mvula nayo idagwa bwino zaka zoyambazo, ndipo mu 2007 boma lidalengeza kuti takolola matani oposa 3 miliyoni. Maiko ena a mu Africa adatengerapo chitsanzo. Koma mtolo wake unali wolemera: m'chaka cha 2008/09, pa K100 iliyonse imene boma lidagwiritsa ntchito, pafupifupi K16 idapita ku ndondomeko imodzi yomweyi.

Mu 2020 boma la Dr. Lazarus Chakwera lidabweretsa ndondomeko ya AIP, imene chaka choyamba idafikira mabanja oposa 3.5 miliyoni. Sizidatenge nthaŵi kuti zinthu zivute. Thumba lidafika pa K7,500 mu 2021 ndi pa K15,000 mu 2022, ndipo mabanja opindula adatsika kufika pa 2.5 miliyoni, kenaka 1.5 miliyoni mu 2023. Zifukwa zake nzodziŵika. Feteleza wathu amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake udakwera padziko lonse, ndipo kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu kaŵiri, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023.

Maina a ndondomekozi amasintha akasintha atsogoleri, mitengo nayo imasintha. Chimene sichisintha msanga ndi mlimi amene okonza ake amakhala akumuganizira: wolima chimanga, wa nthaka yotopa ya kumtunda, wodalira mvula ya Disembala.

Chigwa chili ndi khalidwe lakelake

Mlimi wa kuchigwa sali wotero. Chigwa cha Shire ndiwo malo otsika koposa m'dziko lathu; kumalire a Mozambique cha ku Marka, nthaka siifika mamita 50 pamwamba pa nyanja yamchere. Kutentha kumapitirira madigiri 40, mvula njochepa ndipo njosadalirika. Koma mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza yakhala ikutsira nthaka yachonde m'chigwachi kwa zaka zosaŵerengeka, ndipo cha ku Ngabu kuli dothi lakuda la makande limene limasunga chinyezi. Alimi ambiri a kumeneko adakula osathira feteleza, ndipo ena amamuopa, amvekere mvula ikadula amaotcha mbeu.

Makolo Achimang'anja ndi Achisena adaphunzira kalekale kulima minda iŵiri. Kumphala, kumene madzi osefukira safika, ankadzala mapira, mcheŵere, chitowe ndi thonje, mbeu zopirira dzuŵa. Madzi akaphwera m'miyezi yachisanu, ankatsikira kudimba, m'mbali mwa Shire ndi m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, kukadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa chinyezi chotsala. Munda umodzi ukakana, winawo unkaŵapulumutsa. Pamene David Livingstone adafika m'chigwachi mu 1859, adapeza anthu akulima thonje ndi kuomba nsalu zawozawo. Kuonjezera apo pali ng'ombe, mbuzi ndi nsomba, zimene mpaka lero ndizo nkhokwe ya mabanja ambiri.

Tsono taganizani. Feteleza wotsika mtengo amafika mu Novembala kapena Disembala, nthaŵi ya munda wa mvula, pamene dimba, limene ndilo limadyetsa mabanja ambiri a m'mbali mwa Shire, limadzalidwa miyezi ingapo pambuyo pake. Feteleza wokulitsa uja alimi adamupatsa dzina lakuti chitowe. Koma mlimi wa kwa Ngabu amene ankafuna mbeu ya chitowe chenicheni, kapena mankhwala opopera thonje, ankabwerera ndi chitowe cha m'thumba chimene munda wake sunachipemphe. Si chinsinsi kuti ena ankagulitsa makuponi awo kwa mavenda pamtengo wolira, matumba nakwera phiri kukathiridwa m'minda ya anthu opata kale. Sitikuyamikira mchitidwe umenewu, koma tiyenera kuona gwero lake: munthu wanjala atapatsidwa chinthu chosamuthandiza, amachisandutsa ufa wa tsiku limenelo.

Tisanenenso mopitirira. Alipo alimi a m'maboma aŵiriŵa amene feteleza amamufunadi: olima mpunga m'masikimu a Muona ndi Nkhate, olima chimanga m'mapiri a ku Chididi ndi kwa Chapananga, ndi a m'tsinde mwa phiri la Thyolo kutsidya la kum'maŵa. Chigwa si munda umodzi. Ndiye chifukwa chake chithandizo cha mtundu umodzi sichingakwanire onse.

Mbuzi m'malo mwa thumba

Boma lidayesapo kumva dandauloli. M'zaka za 2007 ndi 2008 padali makuponi a mbeu ndi mankhwala a thonje. Mu 2011 lidaika K1.6 biliyoni padera yotukulira thonje. Ndondomeko ya AIP idalola mlimi kusankha mbeu ya mapira kapena mpunga m'malo mwa chimanga. Koma chimene chidakambidwa kwambiri ndi cha mu 2021, pamene lidalengeza kuti mabanja 30,000 a ku Chikwawa ndi Nsanje agula mbuzi ziŵiri zazikazi banja lililonse pamtengo wotsika, m'malo mwa feteleza.

Ena a m'tauni adaseka atamva zimenezi, koma wodziŵa chigwa sadaseke. Thumba la feteleza limatha ndi nyengo imodzi. Mvula ikakana, latha basi. Mbuzi imadya masamba a zitsamba ngakhale pachilala, imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo ikasamalidwa bwino ikhoza kuswa katatu pa zaka ziŵiri, nthaŵi zina mapasa. Mwana akasankhidwa kupita kusekondale, mbuzi ndiyo imalipira fizi. Wina akadwala, mbuzi ndiyo imapeza thiransipoti yopita kuchipatala. Ndoŵe zake ndi manyowa a kudimba. Ndipo madzi akayamba kukwera, mbuzi ikhoza kukusidwa kupita kumtunda, pamene munda suthaŵa.

Komabe kugula mbuzi 60,000 si chimodzimodzi kulongedza matumba m'lole. Mbuzi njamoyo: iyenera kupimidwa, kubayidwa katemera ndi kunyamulidwa mosamala. Kuchigwa kumabuka matenda a ziŵeto kaŵirikaŵiri, ndipo akabuka boma limaletsa kuyendetsa ziŵeto. Kugaŵa kudachedwa m'madera ena. Pali akuba, amene amadziŵa khola lililonse latsopano. Palinso milandu ya mbuzi zodya dimba la mnansi, imene imadzaza mabwalo a nyakwaŵa m'chilimwe. Ganizo linali labwino. Chimene chidaonekera poyera n'chakuti ganizo labwino limafunanso alangizi a ziŵeto okwanira, mankhwala apafupi, ndi makola olimba a m'mwamba.

Pamene chilungamo chimayesedwa

Vuto lalikulu la chithandizo chilichonse chosankha anthu ndi kaundula wa maina. Mudzi uli ndi mabanja zana, malo apatsidwa makumi atatu. Alembedwe ndani? Apa ndi pamene mitima ya anthu imaonekera. Taona midzi imene mfumu ndi komiti adaitana anthu onse pabwalo, maina naŵerengedwa mokweza, amasiye, okalamba ndi osunga ana amasiye nayamba ndiwo. Taonanso midzi imene maina adalembedwa usiku, mlamu wa wakuti ndi mphwake wa wakuti nakhalamo, ngakhale akufa ndi anthu osakhalako nkomwe, gogo wosamala zidzukulu zisanu natsala panja.

M'midzi yambiri anthu adapeza njira yawo yochepetsera udani: wolembedwayo akagula, amagaŵana thumba ndi mabanja aŵiri kapena atatu, kuyeza ndi chitini. Mtima umenewu ngwakale. Katswiri wa mbiri yakale, Elias Mandala, adalemba za mwambo wa chidyerano wa m'chigwa chomwechi, pamene mabanja ankasonkhanitsa mbale zawo ndi kudyera pamodzi, kotero kuti mwana wa nyumba yopanda ufa sankagona ndi njala. Kugaŵana thumba ndi chidyerano cha masiku ano. Kuipa kwake n'kwakuti feteleza woyenera ekala imodzi akamwazidwa pa maekala atatu, palibe munda umene umakhuta.

Kuyambira mu 2020 makuponi a pepala adaloŵedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika, chimene wogulitsa amachiunika ndi foni. Njirayi idachepetsa makuponi achinyengo, koma idabwera ndi zoŵaŵa zake. Netiweki ikavuta, anthu ankagona pamsika masiku aŵiri kapena atatu. Ena atafika pamzere ankauzidwa kuti dzina lawo lagula kale. Mavenda adayamba kusonkhanitsa ziphaso za anthu osauka powapatsa kangachepe. Padamvekanso nkhani zamanyazi za ogulitsa ofuna kanthu ka m'manja, ngakhale ofunsira amayi ndi atsikana kuti aŵathandize msanga. Chinyengo sichidathere kumudzi kokha ayi. Mu 2022 zidadziŵika kuti ndalama zokwana K750 miliyoni zidalipidwa ku kampani ina ya ku Britain yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza, fetelezayo osabwera, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zamalimidwe ndi wachiŵiri wake adachotsedwa paudindo.

Nkwapafupi kuloza chala ku Lilongwe. Koma wolemba dzina la wakufa, wogula chiphaso cha gogo, wolandira kanthu pakhomo la msika, si mlendo wochokera kutali. Ndi mnansi wathu, mwina mwana wathu, mwina amene timakhala naye benchi limodzi Lamulungu. Kuba thumba la wamasiye ndi kuba ndithu, ngakhale thumbalo litalembedwa dzina la boma.

Madzi ochuluka, madzi osoŵa

Ngakhale zonse zitayenda mwachilungamo, mlimi wa kuchigwa amatsalabe ndi mdani wamkulu, ndiye madzi. Mu Januwale 2015 madzi adamiza midzi ya ku Makhanga ndi madera ena ambiri. Mu Malichi 2019 kudadza mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga ngakhale malo opangira magetsi a pa Kapichira. Mu Malichi 2023 Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera. Chaka chotsatira kudali chilala, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Pa zaka khumi zokha, zonsezi zidagwera anthu omwewo. Feteleza amene adathiridwa sabata imodzi Ana asanafike adapita ndi madzi ku Zambezi. Amene adathiridwa m'chaka cha chilala adatsala m'nthaka youma. Zikatere timamva za amayi a ku Nsanje oloŵa m'dambo la ng'ona kukazula nyika kuti ana alaŵe kanthu.

Ndiye chifukwa chake anthu ena oganiza bwino amafunsa ngati ndalama zambirimbiri zopita ku feteleza chaka ndi chaka sizikadathandiza koposa zikadamanga ngalande zothirira, zipupa zotchinga madzi, misewu ya kumsika ndi nyumba za alangizi. Ntchito ina yotere idayambika kale. Mu 2020 boma lidakhazikitsa ntchito yokumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira, imene idakonzedwa kuti idzafike ku Bangula ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000, ndi chithandizo cha World Bank ndi African Development Bank. Funso lawolo nlomveka. Koma nayenso wanjala ali ndi yankho lomveka: ngalande imatenga zaka, pamene mimba ya mwana imalira lero. Dziko losauka liyenera kuyeza ziŵirizi mosamala, ndipo oyenera kufunsidwa poyamba ndi eni mindawo.

Pa za ngalandeyi tichenjezeko pang'ono. Kuti alimi athirire, amapemphedwa kuphatikiza minda yawo ndi kupanga makopaletivi, monga adachitira alimi a nzimbe a ku Phata. Njirayi ikhoza kupindulitsa, koma banja lisasaine kanthu lisanamvetse: munda walembedwa m'dzina la yani, phindu ligaŵidwa motani, ndipo mwini akamwalira gawo lake lipita kwa yani. Safunsa adadya phula. Makamaka minda ya amayi amasiye ndi ana amasiye ifunika mboni zokhulupirika.

Zimene anzathu akuchita

Tikayang'ana kunja tiphunzirapo ziŵiri. Choyamba, chithandizo cha boma lina chikhoza kupweteka mlimi wa dziko lina. Mu 2003 maiko anayi olima thonje, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, adadandaula pamsonkhano wa zamalonda wa maiko onse kuti ndalama zimene America imapatsa alimi ake a thonje zikugwetsa mtengo padziko lonse. Mlimi wa kwa Tengani amene amadabwa kutsika kwa mtengo wa thonje lake adziŵe kuti zina mwa zifukwa zake zimachokera kutsidya la nyanja. Chachiŵiri, ku Zambia kuyambira mu 2015 adayesa kupatsa alimi khadi lokhala ndi ndalama zogulira zipangizo zimene mlimi wasankha yekha, kaya mbeu, kaya mankhwala a ziŵeto. Nawonso adakumana ndi zovuta zawo, koma mfundo yake njoyenera kuiganizira kuchigwa: mwini munda ndiye adziŵa chimene munda wake ukusoŵa.

Gawo la banja lathu

Zambiri mwa izi zili m'manja mwa boma. Koma zilipo zimene zili m'manja mwathu.

Tisaike moyo wa banja pa dzina la m'kaundula. Taona kuti chiŵerengero cha opindula chikhoza kutsika ndi theka pa zaka zoŵerengeka. Banja lanzeru limakonzeka ngati kuti silidzalembedwa. Likalembedwa, chimenecho n'choonjezera. Manyowa a khola ndi a kompositi akonzedwe chilimwe chisanathe. Mbeu ya mapira ndi mcheŵere isungidwe bwino, pakuti nsima ya mapira si nsima ya umphaŵi, ndiyo idalera makolo athu m'zaka zimene chimanga chidapserera. Dimba lisasiyidwe, koma tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kuopa kugumula gombe limene limatiteteza. Ndalama za thonje kapena chitowe zisathere pamsika tsiku lolandira. Gawo lina lipite ku banki m'khonde kuti lidzagule mbeu pa nthaŵi yake.

Amene walandira mbuzi apirire, asagulitse make. Agulitse ana aamuna pakagwa vuto, aakazi akulitse khola. Ndipo ngati mudzi ungagwirizane kuti mwana woyamba wamkazi apite ku banja limene silidalembedwe, mbuzi ziŵiri zija zidzafikira mabanja ambiri koposa amene boma lidaŵerenga. Kupatsa n'kuika.

Pa tsiku loŵerenga maina tipezeke pabwalo, ndipo tilankhule. Ngati dzina lathu lilimo koma la wamasiye woyandikana nafe mulibe, tisakhale chete chifukwa choopa kutaya mwai wathu. Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Chiphaso cha unzika tisapereke kwa munthu aliyense, ngakhale atalonjeza zotani. Wofuna chiphuphu tikamnenere kwa alangizi, kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu.

Inu achinyamata, ntchito yanu pano njaikulu. Ndinu amene mumatha kuŵerenga zolembedwa pa thumba ndi kudziŵa ngati mbeu njeniyeni kapena njopaka utoto. Ndinu odziŵa foni. Perekezani agogo anu kumsika, imani nawo pamzere, onetsetsani kuti thumba lafika kunyumba losatsegulidwa. Tengani kope ndi kulemba zimene banja laononga pa munda ndi zimene lakolola, kuti chaka chamaŵa mudzadziŵe ndi manambala ngati chimanga chidakupindulitsani koposa mapira kapena mbuzi. Ndipo mnzanu akakuitanani ku geni yogula ziphaso za okalamba, kumbukirani kuti ndalama imeneyo ndi nsima ya mwana wina.

Pomaliza, tiŵauze atsogoleri athu zimene chigwa chikufuna, osadikira nthaŵi ya chisankho. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera alipo chifukwa cha zimenezi. Ngati chofunika kwa Mlolo ndi mbeu ya kudimba mu Meyi, tinene. Ngati chofunika kwa Ngabu ndi mankhwala a thonje ndi msika wodalirika, tinene. Ngati ndi dibi la ng'ombe, pampu yothirira kapena chipupa chotchinga madzi, tinene, ndipo tinene pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Okonza ndondomeko amakhala kutali, kumene chimanga chimakula ndi mvula ya Disembala. Sangadziŵe za makande, za dimba ndi za madzi a Ruo ngati eni ake a chigwa sakuŵauza.